Windows ikhale pa SSD, hard drive yakaleyo isunge mafayilo

Anzanga, ngati laputopu yanu ikuchedwa kuyaka mpaka mumathira tiyi isanatseguke, musathamangire kunena kuti yatha kapena yalowa ma virus. Kawirikawiri vuto limakhala hard drive. Malaputopu ambiri akale omwe timagula ogwiritsidwa kale ntchitowa amabwera ndi hard drive ya mtundu wakale yotchedwa HDD, mkati mwake muli kambale kozungulira ka 5400 pa mphindi ndi kamkono koyenda pamwamba pake kusaka deta. Windows ikamayaka imawerenga timafayilo tambirimbiri tomwazikana, ndiye kamkonoko kamangoti kapita uku kabwerera uku, inu muli phee kudikira.

SSD, yomwe ndi chosungira mafayilo cha mtundu watsopano, ilibe chozungulira, ndi ma chip okhaokha. Ya mtundu wamba wotchedwa SATA imafika cha m'ma 500 MB pa sekondi pomwe HDD ya laputopu imangosewera cha m'ma 100, koma pomwe mungaone kusintha kwenikweni ndi pa timafayilo ting'onoting'ono tija, SSD imatipeza pompopompo. Choncho Windows ndi mapulogalamu anu ziikeni pa SSD basi. Ya 256 GB imakwana. Ya 128 GB ine sindiilimbikitsa chifukwa Windows 11 imafuna malo osachepera 64 GB, mukaonjezera ma update ndi Office mupeza yadzadza, ndipo SSD ikadzadza kwambiri nayonso imayamba kuchedwa.

Musanatulutse ndalama pitani kaye kwa okonza makompyuta akuonereni ngati makina anu amalandira ya 2.5 inch kapena ali ndi malo a M.2 (polowetsa SSD yaing'ono yopyapyala), komanso si M.2 iliyonse yomwe imalandira NVMe (mtundu wa SSD wothamanga kuposa SATA), ambiri amaluza ndalama pamenepa. Ngati mukugula SSD yogwiritsidwa kale ntchito auzeni ayitsegule pa pulogalamu ya CrystalDiskInfo muone nokha thanzi lake ndi maola omwe yagwira.

HDD yakaleyo musataye ayi. Iikeni mu kabokosi ka USB kapena mu caddy (kachotengera kolowa pamalo pa DVD), muzisungamo mafilimu, nyimbo ndi zithunzi za ukwati, pakuti mukafuna malo ambiri osungira zinthu HDD ndiyotsikabe mtengo. Ingoisamalani, ikagwa ili mkati mogwira ntchito kamkono kaja kamakanda kambale.

SSD yo musamaipange defrag (kusanja pamodzi zidutswa za mafayilo zomwazikana), Windows imaisamalira yokha. Chinanso, HDD ikamafa nthawi zambiri imayamba kulira kuti tcha tcha, koma SSD imatha kungozima osachenjeza, ndiye ma assignment ndi mapepala a bizinesi azikhala ndi kope ina pa HDD ija kapena pa Google Drive.