Mmene mungadzitetezere ku mlandu woipitsa mbiri mukamadzudzula olipidwa ndi maboma akunja

Amalawi a ku Mbare ndi ku Highfield, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, amene mumalemba pa intaneti za makampani olipidwa kuti alankhulire maboma akunja, dziwani kuti wodzudzulidwayo angakusumireni, osati kuti apambane, koma kuti ndalama za maloya zikufooleni mpaka mutseke pakamwa.

Musanalembe, pezani umboni wolembedwa. Ku America, lamulo la FARA la 1938 limakakamiza makampani otere kulembetsa mapangano awo ku unduna wa zachilungamo, ndipo aliyense angawawerenge. Kumeneko n'kumene kunaonekera pangano la boma la Zimbabwe ndi kampani yotere ya ku America, Ballard Partners, mu 2019. Sungani zikalatazo, ndipo siyanitsani zimene zinachitikadi ndi maganizo anu, pakuti khoti limateteza choonadi chopindulitsa anthu ndi ndemanga yozikidwa pa mfundo zoona, osati mphekesera za m'kombi.

Mu 2014 khoti loona za malamulo aakulu a Zimbabwe linagamula kuti kuipitsa mbiri si mlandu wotsekeretsa munthu m'ndende, komabe wodandaula angakusumireni kuti mulipire chindapusa. Samani ikafika musaibise, chifukwa masiku oyankhira ndi ochepa ndipo osayankha amaluza osamvedwa. Pitani nayo kwa loya kapena ku MISA Zimbabwe, bungwe loteteza ufulu wa atolankhani, tsiku lomwelo.