Momwe mungagonere m'nkhalango ya paini tenti osakuthawani usiku

Mitengo ya paini si yachilengedwe kuno ku Zambia, inachita kubzalidwa, ndiye nkhalango iliyonse ya paini ili ndi mwini wake. Yambirani pamenepo. Minda ikuluikulu ili ku Copperbelt, cha ku Ndola, Chati, Ichimpe ndi Lamba, ndipo ndi ya kampani ya ZAFFICO imene imalima mitengoyi kuti icheke matabwa. Si malo oti munthu n'kungolowa ndi chikwama kumsana. Pemphani chilolezo kwa oyang'anira, apo ayi funani famu imene ili ndi munda wa paini yomwe imalola alendo kukhoma tenti. Amene muli ndi achibale ku Malawi, mukadutsa pa malire a Mwami paini aliko ku Dedza, Zomba ndi Chikangawa, koma pano ndikukamba ulendo wonyamuka mu Lusaka Lachisanu n'kubwerako Lamlungu. Ku Ndola ndi makilomita pafupifupi 320 kudzera ku Kabwe ndi Kapiri Mposhi, ndipo basi yam'mamawa pa siteshoni ya Intercity imakufikitsani dzuwa likadali pamwamba.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi. Kumazizira, inde, koma mvula kulibe ndipo udzudzu umachepa. Ogasiti ndi mwezi wa mphepo. Seputembala ndi Okutobala nkhalango imakhala itauma gwa, ndipo eni ake akakukanizani kulowa nthawi imeneyo musawaone ngati ankhanza, akuopa moto.

Katundu wambiri musamugule ku masitolo a m'mamolo. Jekete lokhuthala, chipewa chaubweya, masokosi ndi nsapato zolimba, zonsezi zili pa salaula ku msika wa Soweto, bola mupite m'mawa pamene akumasula mabelo. Nsapatozo muzivale sabata yathunthu m'tauni muno musanapite nazo kutchire. Tenti ndiye pamafunika maso. Alipo anyamata amene amagulitsa pa Facebook, chithunzi chokongola, mtengo wotsika, nalemba kuti ndi ya anthu anayi. Ikafika mupeza kuti anthu awiri akugonamo mopanikizana, zipi imaluma nsalu, ndipo chivundikiro chapamwamba palibe. Musatumize ndalama pafoni musanaione. Muuzeni aikhome inu mukuona. Akayamba zoti ali pachangu, inunso khalani pachangu, muzipita. Pogona tengani kamatilesi kopyapyala kapena makatoni, chifukwa chisanu chimachokera pansi. Mchenga umatentha masana koma usiku umazizira msanga.

Mukafika, sankhani malo dzuwa lisanalowe. Yang'anani kumwamba kaye: pasakhale mtengo wouma kapena nthambi yolendewera. Musakhome pansi penipeni pa mtengo, utomoni umadontha ndipo pansalu suchoka. Khalani kutali ndi msewu wa mathiraki onyamula zipika, madalaivala ake amalawirira kusanache. Khomo la tenti liyang'ane kumadzulo, poti mphepo ya chilimwe imachokera kum'mawa.

Tsopano tafika pa zikhomo, ndipo apa ndichedwapo. Tenti iliyonse imabwera ndi tizikhomo tawaya towonda. Pa kapinga wa kunyumba timagwira bwino, n'chifukwa chake munthu umayesa tenti pabwalo n'kukhutira. Pamchenga timalowa mosavuta ngati chala mu phala, ndipo timatulukanso chimodzimodzi. Masamba a paini amene aunjikana pansi amakunamizani: pamwamba pamaoneka polimba, koma pansi pake ndi mchenga woyoyoka. Ulendo wina mphepo inadzuka pakati pa usiku, zikhomo za mbali ya kum'mawa zinazuka zonse, chivundikiro chinakakodwa pa mtengo, ndipo ine ndi mlamu wanga tinachezera kugwira tenti ndi manja kwinaku mano akugunda. Alamu aja mpaka lero sandiyankha ndikatchula za ulendo wakutchire.

Chochita ndi ichi. Palasani masamba onse mpaka mchenga uoneke. Tolani timitengo tonenepa ngati dzanja la mwana, totalika ngati kuchokera pachigongono kufika kuzala, kamodzi pa chingwe chilichonse. Mangani chingwe cha tenti pakati pa kamtengoko. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30 kapena 40, chapatali ndi tenti kuti chingwe chipendekeke. Kamtengo kaja kagonekeni chopingasa m'dzenjemo, osati choimika, ndipo kapingase njira imene chingwe chikukokera. Kwirirani, pondani ndi chidendene, thiraninso mchenga, pondaninso. Ngati madzi alipo okwanira thirani pang'ono, mchenga wonyowa umagwirana. Mukatero kokani chingwecho ndi mphamvu zanu zonse. Chikasuntha, kumbaninso mozama. Musachite manyazi kubwereza, kukumba masana n'kosavuta kusiyana ndi kukumba ndi tochi pakamwa.

Njira yachidule ilipo kwa amene safuna kukumba kwambiri. Tengani matumba a ufa opanda kanthu, aja a makilogalamu 25, mudzaze mchenga mpaka theka, mumange pakamwa ndi chingwe cha tenti, n'kuwakwirira pang'ono. Matumba salemera ponyamula ndipo sagulidwa. Ena amapita kwa owotcherera zitsulo ku Kalingalinga kukadulitsa zitsulo zomangira nyumba n'kuzipinda kumutu. Zimagwira pamene mchenga uli wosazama, koma zimalemera, komanso ponena mtengo wowotchererayo akangomva kuti n'za tenti amaganiza kuti ndinu bwana. Muuzeni kuti n'zomangira mbuzi. Zikhomo zamtundu uliwonse muzikhome chopendekera, mutu wake utaloza kutali ndi tenti. Zingwe zonse zimangidwe, ngakhale kunja kuli zii. Zikwama zolemera muziike m'makona a mkati.

Za moto sindikambapo zambiri, koma mverani. Masamba a paini ndi utomoni wake zimayaka mofulumira kwambiri, ndipo moto umatha kuyenda pansi pa masamba osaoneka. Funsani eni malo ngati amalola moto. Akalola, tengani mbaula ndi makala anu, palasani bwalo la mamita atatu mbali zonse, mbaula ikhale pakati pamchenga. Nkhuni za paini zimathetheka n'kudetsa mapoto ndi mwaye. Pozimitsa thirani madzi mpaka muthe kugwira makalawo ndi dzanja. Kungokwirira ndi mchenga sikuzimitsa, kumangosunga moto mpaka m'mawa, wina n'kupondapo. Phulusa lozizira liwazeni mozungulira tenti, akuluakulu amati linthumbu silidutsapo.

Kuyenda m'mawa mwake. Mumchenga mtunda umatalika, ndiye dulani pakati ulendo umene mumatha pa msewu wa tara. Mitengo inabzalidwa m'mizere yofanana, kulikonse kumene mungayang'ane n'chimodzimodzi, ndipo munthu amasokera ali pafupi ndi tenti yake. Tsatani misewu yotchinga moto, musadule pakati. Sungani mapu a Google Maps pafoni musanachoke mu Lusaka, ikani chizindikiro pamene pali tenti, netiweki mkatimo imabwera n'kupita. Madzi akumwa malita atatu munthu mmodzi pa tsiku. A mumtsinje muwiritse kapena muthire klorini uja timagwiritsa ntchito nthawi ya kolera. Potsetsereka masamba amaterera. Valani thalauzi lalitali, musapise dzanja pansi pa zipika, mphiri sithawa munthu. Madzulo dzifufuzeni nkhupakupa. Bowa wa pansi pa paini amene simukumudziwa musiyeni.

Chakudya mukudziwa kale: ufa, kapenta, soya, tiyi, buledi. Neti kapena mankhwala odzola a udzudzu musasiye, malungo a ku Copperbelt si a mu Lusaka. Chimbudzi kumbani kutali ndi madzi, mukwirire. Pochoka fukulani timitengo tija, masulani zingwe, kutumulani mchenga mu tenti musanaipinde chifukwa umadya zipi. Zinyalala zonse zibwere nanu m'matumba a ufa aja, ndipo tikiti yobwerera muguliretu Lachisanu, mabasi a Lamlungu masana amadzaza.