Malangizo oikira mabuleki aakulu a kutsogolo pa galimoto zothamanga

Malangizo awa ndawamasulira kuchokera m'kabuku kachingerezi ka seti ya mabuleki ndili kuno ku Zomba, atandipempha bambo wina amene amagulitsa zipangizo za galimoto kwa makasitomala a ku Chipata, Katete, Petauke mpaka ku Lusaka. Kalembedwe ndatsata ka kuno kwathu, ndiye pamene inu mumalemba "cifukwa" mupeza "chifukwa", ndipo motoka yanu ndikuitchula galimoto. Pamene palembedwa CHENJEZO ndi mawu a opanga seti, monga momwe alili. Kwinako ndawonjezera zanga.

M'bokosi muli makalipa awiri (kalipa ndi chipangizo chimene chimapanikiza mapadi pa disiki) a mapisitoni anayi, madisiki awiri, mapadi, mabulaketi, mabawuti ndi mapaipi okutidwa ndi waya wachitsulo. Madisiki a 330 mm kawirikawiri amafuna malimu a mainchesi 17 kapena kuposa apo. Musanamasule kanthu, yezani kaye ngati limu lanu lisiya mpata wa 3 mm pakati pa ilo ndi kalipa.

Ntchito ya seti imeneyi

Kabuku kachingerezi kamanena kuti seti iyi imachepetsa brake fade. Mawu amenewa ndakhala nawo nthawi yaitali, chifukwa amakaniko athu amangoti "mabuleki apsa" kapena "mabuleki athawa", pamene pali matenda awiri osiyana. Oyamba ndi a mapadi: atentha mopitirira, chopondera chikadali cholimba pansi pa phazi, koma galimoto sikumva, ndipo mumamva fungo lopsa. Achiwiri ndi a mafuta a mabuleki: awira, mu paipi mwadzaza nthunzi, chopondera chikufewa n'kumira mpaka pansi. Oyambawa ndiwatcha kutopa kwa mapadi, achiwiriwa kuwira kwa mafuta. Gwero lake ndi limodzi, kutentha.

Galimoto yolemera 1,500 kg ikaima kuchokera pa 100 km pa ola, mabuleki amalandira kutentha kokwanira kufikitsa pa kuwira madzi ozizira pafupifupi malita awiri, m'masekondi ochepa chabe. Liwiro likawirikiza kawiri, kutenthako kumachuluka kanayi. Pa mtsetse zimaposa apo: galimoto yomweyo ikatsika mamita 100 a phiri itangodalira mabuleki, zili ngati yaima mwadzidzidzi kawiri ndi theka kuchokera pa 100 km pa ola. Disiki yaikulu ili ndi chitsulo chochuluka chomeza kutenthako ndi malo ambiri okutulutsira. Ntchito yake ndi imeneyo. Amene akugula poganiza kuti galimoto yake yothamanga, monga WRX kapena Golf GTI, iziima pafupi kwambiri pa kuponda koyamba akhumudwa, chifukwa chimene chimagwira phula ndi tayala. Ngati mabuleki akale amakwanitsa kale kudzutsa ABS (makina oletsa matayala kuuma n'kuterera mukaponda buleki mwamphamvu), mtunda woimira usintha ndi matayala abwino. Mabuleki aakulu amathandiza kuti kuima kwachikhumi kufanane ndi koyamba.

Kuika

Ikani galimoto pa masitandi, osati pa jeke yokha. Chotsani tayala, kalipa wakale, bulaketi ndi disiki. Kalipa asalendewere pa paipi.

CHENJEZO: Pamwamba pa habu payenera kukhala poyera, popanda dzimbiri kapena dothi lililonse, disiki isanaikidwe. Kupendama kwa disiki kuyezedwe ndi dial gauge ndipo kusapitirire muyezo wolembedwa pa pepala la seti.

Chiganizo chimenechi ndi chachifupi, koma apa ndi pamene ntchito zambiri zimawonongekera. Habu ndi chitsulo chimene disiki ndi tayala zimamangidwapo, ndipo dial gauge ndi kachida koyezera kupendama. Muyezo umene akunenawo ndi wochepera 0.1 mm, pafupifupi kunenepa kwa pepala limodzi. Kachidutswa ka dzimbiri kotsalira pa habu kamapendamitsa disiki, padi n'kumaikhudza mbali imodzi pa kuzungulira kulikonse. Pakatha miyezi ingapo chiwongolero chimayamba kunjenjemera mukaponda buleki, mwini galimoto n'kumati anamugulitsa disiki yopindika. Tengani burashi ya waya ndi sandipepa, pukutani mpaka chitsulo chiwale. Disiki yatsopanonso imabwera itapakidwa timafuta toteteza dzimbiri. Tsukani ndi brake cleaner mbali zonse ziwiri.

Madisiki awa ali ndi lamanzere ndi lamanja. Musatsate timizere tojambulidwa pamwamba, chifukwa opanga ena amatipendeketsa mwina, ena mwina. Tsatani chilembo L kapena R, kapena muvi. Timipata ta mkati mwa disiki timakoka mpweya pakati n'kuutulutsira kunja, ndipo mukatembenuza, disiki siizizira bwino. Makalipa nawonso ali ndi mbali: timanipo totulutsira mpweya tiloze kumwamba. Tikaloza pansi mungapope tsiku lonse, mpweya sutuluka. Ngati mapisitoni ndi osiyana kukula, disiki pozungulira iyambe kudutsa pa laling'ono.

CHENJEZO: Mabawuti onse amangidwe ndi torque wrench molingana ndi manambala a Nm operekedwa. Mawasha a kopa a pa paipi asagwiritsidwenso ntchito kachiwiri.

Mawu akuti torque, imene imayezedwa mu Nm, ndawasiya choncho. Tanthauzo lake ndi mphamvu yeniyeni yopotokolera bawuti, yoyezedwa, osati ya "ndamanga mpaka yalira". Kalipa ndi bulaketi zambiri za mtundu uwu ndi za aluminiyamu, ndipo mazinga ake amatha msanga munthu akalumikiza paipi ku sipanala kuti awonjezere mphamvu. Ngati galaja ilibe torque wrench, bwerekani kapena pitani kwina. Mukamanga paipi, zungulitsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, muone kuti paipiyo sikupotoka, sikukokeka ndipo sikukhudza tayala. Waya wa paipi imeneyi umadya chilichonse chimene ukukhuzana nacho.

Mafuta a mabuleki

Opanga analemba mzere umodzi wokha, wakuti DOT 4 kapena DOT 5.1, mitundu ya mafuta yolembedwa pa botolo. Ine ndilembapo zambiri. Mwa muyezo, DOT 3 yatsopano siyenera kuwira isanafike 205°C, DOT 4 ndi 230°C, DOT 5.1 ndi 260°C. Koma mafuta amenewa amamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akamwa madzi okwana 3.7 peresenti manambala aja amatsika kufika 140°C, 155°C ndi 180°C. N'chifukwa chake amasinthidwa pakatha zaka ziwiri, ngakhale akuoneka bwino. Botolo lotsegula kale limene lakhala pa shelefu dzinja lonse musalilole.

DOT 5 ndi DOT 5.1 mayina akufanana koma si pachibale. DOT 5 ndi ya silikoni, nthawi zambiri yofiirira ngati maluwa a jakaranda, siisakanikirana ndi enawo ndipo siyoyenera galimoto ya ABS. Werengani botolo musanalipire.

Ndikulimbikira apa chifukwa zinandionekera. Tsiku lina tikutsika ku Ku Chawe ndi banja langa, mapadi atangoikidwa kumene pa galaja ina, chopondera chinamira tisanamalize makhotakhota a phirilo. Mapadi analibe vuto. Mafuta ndi amene anali akale, sanawasinthe. Ndinatsitsa giya, n'kumakoka handibuleki pang'onopang'ono mpaka tinaima m'mbali mwa msewu, ana ali chete kumbuyo. Inu a ku Zambia muli ndi mitsetse yanu yotsikira ku mlatho wa Luangwa pa Great East Road. Seti iyi sichotsa lamulo lakale lija: potsika phiri lowetsani giya yotsika, injini igwire galimoto, buleki muziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya, osaikhalira.

Pochotsa mpweya, kumene amakaniko amati kubulida, kalipa aliyense ali ndi timanipo tiwiri. Yambani ka kunja, kenako ka mkati, mubwerezenso mpaka mafuta atuluke opanda thovu. Kathanki ka pamwamba ka mafuta a mabuleki kasaume. Mafuta akadonthera pa penti tsukani ndi madzi nthawi yomweyo, amasupula. Galimoto isanasunthe, pondani chopondera kangapo mpaka chilimbe.

Kuzoloweretsa mapadi

Pa Chingerezi amati bedding-in. Ndinayesa "kukhazikitsa", ndinayesa "kupalira", koma ndasankha kuzoloweretsa. Chimene chimachitika n'chakuti padi ikatentha bwino imasiya kansalu kopyapyala ka thupi lake pa disiki, ndipo buleki yabwino imagwira pa kansalu kameneko.

CHENJEZO: Tenthetsani mabuleki ndi kuponda kofewa kasanu kuchokera pa 60 km pa ola. Kenako pondani mwamphamvu ka 8 mpaka ka 10 kuchokera pa 100 kufika pa 10 km pa ola, popanda kuimiratu ndi popanda kudzutsa ABS. Yendetsani mphindi zosachepera 10 kuti mabuleki azizire.

"Popanda kuimiratu" ndiye mawu ofunika. Mukaima phazi lili pa buleki disiki ili yotentha, padi imadinda chithunzi chake pamalo amodzi, ndipo kunjenjemera kuja kumayambira pomwepo. Fungo ndi kautsi pang'ono zisakuopseni. Opanga sanaganizire za misewu yathu, choncho malo musankhe nokha: owongoka, oonekera patali, ololedwa liwiro limenelo, opanda galimoto kumbuyo kwanu. Kuno sindingayese pafupi ndi Thondwe kapena Namadzi pamene anthu, njinga ndi maminibasi zimadzaza m'mbali mwa msewu, ndipo kwanu n'chimodzimodzi ndi njinga za makala. Mukamaliza musadutse pa madzi kapena kutsukitsa galimoto madisiki asanazizire.

Ngati mwapatsidwa mwayi wosankha mapadi, a mpikisano asiyeni ngati galimoto ndi yoyendera tsiku ndi tsiku. Amagwira akatentha, koma m'mawa wa mu June mukutuluka pa geti amaterera, amalira ndipo amadya disiki.

Mukayenda ulendo woyamba, yang'anani ngati pali podontha ndipo mangitsaninso manati a matayala ndi torque wrench. Pa disiki palembedwa MIN TH ndi nambala: imeneyo ndi malire a kupyapyala, ikafika apo isinthidwe. Itanitsaniretu mapadi ena, chifukwa a kalipa uyu simuwapeza m'shopu iliyonse ya pa tauni, ndipo a inshuwalansi muwadziwitse kuti mabuleki mwasintha. Yesaninso tayala la sipeya kutsogolo mukadali pakhomo. Nthawi zambiri limu lake laling'ono limagunda kalipa watsopano. Zikatero, tayala la kutsogolo likaphulika panjira, chotsani la kumbuyo mulipititse kutsogolo, sipeya ipite kumbuyo.