Momwe mungakonzere sabata ya ana a Sitandade 1 kuno ku Nkhotakota

Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, kalasi ya ana oposa 100 si yachilendo, kaya ndi ku Dwangwa, ku Benga kapena pafupi ndi boma. Ambiri mwa ana amenewa ali ndi zaka 6, ndipo ena sanagwirepo pensulo chibadwire. Aphunzitsi anzanga, makamaka inu amene mwangoyamba kumene ntchito, musawathire ana otere zinthu zambirimbiri pa sabata imodzi. Gwirani chinthu chimodzi, muchibwereze masiku onse asanu m'njira zosiyanasiyana mpaka chikhazikike.

Yambani sabata isanalowe. Loweruka khalani pansi ndi sikimu yanu (ndondomeko ya zimene muphunzitse teremu yonse) pamodzi ndi buku la mphunzitsi lochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Kuyambira 2016, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga ya National Reading Programme inaika ndondomeko ya maliwu amene mwana ayenera kuphunzira motsatana, choncho musalumphe. Tiyerekeze kuti sabata ino mwafika pa liwu la m, ndipo ana akudziwa kale a, i, u ndi n. Lembani pa pepala mawu amene angapangidwe ndi malembo okhawo: ana, ina, amama, nama, mana. Mawu amenewa ndiwo katundu wanu wa sabata yonse.

Kenaka sonkhanitsani zipangizo. Musadikire za kusitolo. Kunyanja kuli zigoba za nkhono ndi timiyala tosalala, m'magolosale amataya makatoni ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo mchenga ulipo wochuluka. Dulani makatoni timakadi tokula ngati chikhatho, mulembepo lembo limodzilimodzi ndi makala kapena choko chonyowetsa. Pemphani ana a Sitandade 6 kapena 7 kuti akutolereni zitsekerero, koma muzitsuke kaye chifukwa ana aang'ono sachedwa kuika zinthu m'kamwa.

Lolemba ndi tsiku la khutu ndi pakamwa. Mukatha kupatsana moni ndi kuitana mayina, tchulani liwu lija nokha, milomo yotseka, ana akuyang'anani. Kenaka tchulirani limodzi, pomaliza atchule okha, mzere ndi mzere. Afunseni amene dzina lawo limayamba ndi liwu limenelo kuti aimirire. Atchule zinthu za kwawo: madzi, mango, moto, mudzi. Kumpoto kwa boma lino ana ena amalankhula Chitonga kunyumba, ndipo alipo amene amayankha m'Chiyao. Mwana wotere akatchula mawu a kwawo, alandireni, muwauze anzake kuti m'Chichewa timati chiyani. Mukamuseka tsiku loyamba, sadzakwezanso mkono.

Phunziro la kuwerenga liikeni m'mawa kwenikweni. Mu Okutobala ndi Novembala malata amayamba kutentha dzuwa likangokwera, ndipo ana amayamba kuodzera.

Lachiwiri tulukani panja. Pezani mthunzi wa mtengo wa mango, mwana aliyense asalaze mchenga patsogolo pake ndi dzanja, alembe lembo lija ndi chala. Apa mpamene ndimakonda kukhalitsa, chifukwa mumaona bwino amene akulemba chozondotsa ndi amene akungotengera mnzake. Gwadani pambali pa mwana, mugwire chala chake, muyende nacho kawiri, kenaka mumusiye ayese yekha. Akalakwitsa amangofufuta ndi chikhatho, palibe chonyazitsa, ndipo kope limene makolo anagula movutikira silinathe. Pensulo ibwere pambuyo, dzanja litazolowera.

Lachitatu phatikizani. Mwana mmodzi anyamule khadi la m, mnzake la a, ayende pang'onopang'ono mpaka akumane kutsogolo, kalasi yonse iwerenge kuti ma. Sinthani wa a abwere wa i, kenaka wa u. Maphatikizo akamveka, aikeni ana m'magulu a 8 kapena 10, gulu lililonse ndi makadi ake, apange mawu aja munalemba Loweruka. M'gulu lililonse muikemo mwana mmodzi wochangamuka, koma muonetsetse kuti asagwire makadi yekha.

Masamu ayende tsiku lililonse, ndipo nawonso akhale pa nambala imodzi kapena ziwiri. Ngati ndi 5, awerenge zitsekerero zisanu, aombe m'manja kasanu, adumphe kasanu, ajambule nsomba zisanu. Sewero la phada limathandiza kwambiri, popeza ana amawerenga miyala osadziwa kuti akuphunzira. Chingerezi pa msinkhu uwu ndi chomva ndi kulankhula basi: moni, mayina a ziwalo za thupi, kanyimbo kamodzi.

Lachinayi asimbireni nthano yaifupi yokhala ndi mawu a sabatayo, monga ya ana amene anatumidwa ndi amama kukagula usipa kudoko. Imani pakati, muwafunse kuti, "Kodi mukuganiza kuti chichitike n'chiyani?" Ikatha, ena aisewere, ena aumbe nsomba ndi bwato la dongo. Mukhoza kutsekera ndi kuvina chioda kapena malipenga, kuti nawonso amene amavutika ndi malembo aonetse zimene amatha.

Lachisanu musaphunzitse chatsopano. Kalasi ikamajambula, itanani ana mmodzimmodzi, mumuonetse makadi atatu, awerenge. Pa dzina lake m'kope lanu ikani chizindikiro: wadziwa, watsala pang'ono, kapena sanayambe. Simungamalize ana 100 tsiku limodzi, ndiye tengani gawo limodzi sabata ino, ena sabata yamawa. Kuyankha kwa chigulu kumanamiza. Kalasi imamveka ngati yonse yadziwa pomwe akutsogolera ndi ana khumi okha.

Tsiku lomwelo yang'anani kaundula. Mwana amene wajomba masiku awiri kapena atatu, mwina watsatira achimwene ake kudoko kapena akupirikitsa mbalame ku mpunga, mwina wadwala malungo. Perekani dzina lake kwa ahedi ndi kwa amayi a Mother Group, gulu la amayi a m'mudzi lolimbikitsa ana kupita kusukulu, kuti akafike pakhomo. Ana amene mwawalemba kuti sanayambe, Lolemba likudzalo akhale kutsogolo pafupi ndi bolodi, ndipo mphindi khumi zoyamba zikhale zawo musanatsegule liwu lotsatira.