Kaikidwe ka Malikisi ndi Kukambilana Lipoti la Ofisala wa Asilikali a Pamadzi a ku America

Malangizo awa ndi anu akuluakulu amene mumalemba malipoti a kagwilidwe ka nchito ka maofisala m'gulu la US Navy. Lipotili amalicha FITREP, fomu yake ndi NAVPERS 1610/2, ndipo malamulo ake ali mu BUPERSINST 1610.10. Nayenso ofisala wolembedwayo awelenge, popeza kukwezedwa kwake kudalila pepala limeneli.

Udindo ulionse uli ndi mwezi wake wolembela lipoti la pacaka: lieutenant mu Januwale, commander mu Epulo, captain mu Julayi, lieutenant commander mu Okutobala. Mulembenso lipoti ngati ofisala wasamutsidwa, kapena ngati inuyo ndinu mucoka. Pakati pa caka muitaneni ofisalayo, mumuuze pamene acita bwino ndi pamene afunika kukonza, ndipo tsiku limenelo lilembedwe pa fomu. Musasungile munthu colakwa kwa miyezi yambili n'kudzamudzidzimutsa naco pa tsiku losaina.

Kaikidwe ka malikisi

Fomu ili ndi mbali 7 zoikapo malikisi, kuyambila bokosi 33 mpaka 39: luso pa nchito, kacitidwe ka zinthu ndi anthu mopanda tsankho, khalidwe la usilikali, kugwilizana ndi anzake, kukwanilitsa nchito mosadikila kuuzidwa, utsogoleli, ndi luso la pankhondo kwa amene anayenelezedwa pa mbali imeneyi. Malikisi ayambila pa 1.0 kufika pa 5.0. Munthu amene acita zonse zofunika pa udindo wake ndi wa 3.0, ndipo 3.0 si cilango. Mbali imene simunaione ndi maso anu musaiganizile cabe. Congani NOB, kutanthauza kuti simunaione.

Mukapatsa munthu 1.0 paliponse, kapena 2.0 katatu, kapena 2.0 mu bokosi 34 la za tsankho, mufunika kufotokoza cifukwa cake mu bokosi 41. Malo a m'bokosili ndi ocepa, conco lembani zimene munthu anacita ndi zotulukapo zake. Mau akuti "ndi wakhama kwambili" aliyense amalembeledwa, ndipo bungwe loona za kukweza maudindo linatopa nao.

Apa ndiye pamene ambili amasocela. Nambala payokha siikamba kanthu. Bungwe limayelekezela avaleji ya ofisala ndi avaleji ya anzake a udindo umodzi amene muwalembela malipoti pamodzi, ndiponso ndi avaleji yanu inuyo, ya malipoti onse amene munalembelapo anthu a udindo umenewo. Tinene kuti lieutenant wina wapeza 29 pa mbali 7, avaleji yake ndi 4.14. Angacoke mu ofesi akumwetulila. Koma ngati mkulu wake amakonda kupatsa 4.30, ndiye kuti wamuika pansi pa anzake. Wina wapeza 27, avaleji 3.86, kwa mkulu woumila dzanja amene avaleji yake ndi 3.60. Uyu ndiye wakwela. Conco musamwaze ma 5.0 pofuna kukondweletsa onse. Avaleji yanu ikakwela kwambili, mudzasowa pomuika munthu wabwino zenizeni akadzabwela.

Mu bokosi 42, la maganizo anu pa za kukwezedwa kwake, mumasankha cimodzi mwa izi: Significant Problems (ali ndi mavuto aakulu), Progressing (akali kuwongolela), Promotable (angakwezedwe), Must Promote (afunika kukwezedwa), Early Promote (akwezedwe mwamsanga). Early Promote ndiyo yapamwamba, ndipo ipatsidwa kwa anthu pafupifupi 20 pelesenti cabe ya gulu limene muwayelekezela. M'gulu la anthu 10, awili cabe. Ngakhale onse akhale akatswili, lamulo silisintha.

Tsiku lokambilana

Khalani awili, citseko cotseka, foni pambali. Mupatseni lipoti awelenge yekha mpaka kumapeto musanayambe kukamba. Akatsiliza, muuzeni avaleji yanu, muuzeni pamene waima pakati pa anzake, ndipo musazungulile. Ngati ndi wacinai pa anthu 10, kambani kuti ndi wacinai. Musachule malikisi a munthu wina, ndipo musalonjeze kuti caka camawa Early Promote ndi yake, cifukwa simudziwa amene adzabwela m'gululo, ndipo mwina inuyo mudzakhala mutasamutsidwa. Cimene mungamupatse ndi zinthu ziwili kapena zitatu zoti akacite, zoti adzatha kuziona yekha kuti wazicita.

Ofisala nayenso asangogwedeza mutu. Afunse kuti, "Bwana, avaleji yanu ya ma lieutenant ndi zingati? N'ciyani cinandilepheletsa kufika pa Must Promote?" Aonenso masiku a lipoti, kuti pasakhale mpata pakati pa lipoti lapita ndi latsopanoli. Mpata wa masiku umavutitsa pambuyo pake, mkulu amene analemba atapita kale.

Kusaina

Ofisala asaine mu bokosi 46. Siginecha yake siitanthauza kuti wavomeleza malikisi. Itanthauza cabe kuti waona lipoti ndipo adziwa kuti ali ndi ufulu woyankha. Aconge ngati afuna kulemba kalata yoyankha kapena iyai. Kalatayo isapitilile masamba 2, ikhale yaulemu, ikambe zoona zokhazokha, ndipo isaneneze munthu. Ali ndi zaka 2 kucokela tsiku lothela lipoti kuti aipeleke, conco palibe cifukwa coilembela usiku womwewo mtima ukali m'mwamba. Ipitila kwa inu amene munalemba lipoti, muikepo mau anu, kenako itumizidwe.

Mupatseni kope lake, musunge lanu, ndipo malipoti a gulu lonse atumizidwe pamodzi ku Navy Personnel Command, ofesi yoona za anchito a US Navy, ku Millington, Tennessee, pasanathe masiku 15 kwa amene ali pa nchito ya nthawi zonse.