Kalawidwe ka Chianti Classico ndi zakudya zomuyenera

Chianti Classico ndi vinyo wofiira wa ku Tuscany, dera la ku Italy, m'mapiri a pakati pa Florence ndi Siena. Mudzamuzindikira ndi chithunzi cha tambala wakuda pabotolo. Lamulo limati pa magawo 100 alionse, osachepera 80 akhale mphesa za Sangiovese, otsalawo akhoza kukhala mphesa za Canaiolo, Colorino, Merlot kapena Cabernet Sauvignon. Sangiovese ndi amene amabweretsa kuwawasa komanso tannin, uja amaumitsa m'kamwa ngati tiyi wakuda wokhalitsa m'ketulo. Merlot amafewetsa ukaliwo, Colorino amadetsa mtundu. Vinyo wotereyu amakoma kwenikweni pali chakudya, ndipo ambiri amene amamukana anamulawa payekha, ali wofunda.

Yambani ndi kuzizira kwake: madigiri 16 mpaka 18. M'nyengo yotentha, ikani botolo m'firiji mphindi 20 mpaka 30. Akafunda, mowa umatsogola n'kuwotcha kukhosi. Akazizira mopitirira, fungo limabisala ndipo tannin amasanduka wowawa.

Werengani chizindikiro cha pabotolo. Chianti Classico wamba amasungidwa miyezi 12 asanagulitsidwe, Riserva miyezi 24, Gran Selezione miyezi 30. Wambayo ingotsegulani n'kuthira. Awiri enawo, ngati sanakwanitse zaka 10, akhuthulireni m'jagi yagalasi kuti apume mphindi 30 mpaka ola limodzi.

Thirani mamililita 100 m'tambula yaikulu mimba, yopapatiza kukamwa, ndipo muigwire pamwendo. Ipendekeni pamwamba pa pepala loyera: vinyoyu ndi wofiira mowala, ndipo akamakalamba m'mphepete mumayamba kuoneka ngati njerwa. Nunkhizani musanazunguze, kenaka zunguzani n'kununkhizanso. Yembekezani fungo la matcheri owawasa, masamba ouma ndi kafungo ka dothi. Mukamva fungo la katoni yonyowa, chitsekero chamuwononga ndipo kudikira sikungamukonze. Pomwa, msungeni m'kamwa masekondi 5. Malovu akatuluka m'mbali mwa lilime, kumeneko ndi kuwawasa. Nkhama zikauma, ndi tannin. Zinthu ziwirizi ndi zimene zikuuzeni chophika.

Kuwawasa kumafuna matimati. Vinyo wosawawasa amazilala mukamumwera msuzi wa matimati, koma Chianti amalimbana nawo bwinobwino, n'chifukwa chake wamba amayenera pasta ya nyama yogaya, pizza, ndi ribollita, supu ya ku Tuscany ya nyemba, kabichi wakuda ndi buledi wogona.

Tannin amafuna mafuta, nyama ndi mchere. Amakakamira ku mapuloteni: akasowa a m'chakudya, amagwira a m'malovu anu, n'chifukwa chake m'kamwa mumauma. Apa ndi pamene Riserva amakumana ndi bistecca alla fiorentina, nyama ya ng'ombe ya fupa la T, yochindikala masentimita 5. Itulutseni m'firiji ola limodzi musanawotche, muiike pamakala oyaka bwino mphindi 4 kapena 5 mbali iliyonse, m'kati mukhale mofiira, kenaka muisiye mphindi 5 musanadule. Mchere wokhakhala ndi mafuta a maolivi pang'ono, basi. Nyama ikapsa mpaka kuuma, vinyo amamveka wokhakhala kuposa mmene alili. Ku Tuscany amamweranso pappardelle (pasta yotakata) ya nyama ya nguluwe ndi tchizi cholimba cha mkaka wa nkhosa chotchedwa pecorino. Nyama ya mbuzi yootcha, yamchere ndi adyo, imagwira ntchito yomweyo.

Tsabola wambiri ndi mdani wa vinyoyu, poti amakuza kuwotcha kwa mowa. Zotsekemera zimachititsa vinyo kumveka ngati viniga, ndipo nsomba zamafuta zikakumana ndi tannin zimasiya kakomedwe ka chitsulo palilime.

Vinyo wotsala mutsekeni, mumuike m'firiji choimirira, ndipo mumumwe pasanathe masiku 3. Mumutulutse mphindi 30 musanathire.