Kuyendetsa bandi ya malipenga amkuwa m'mphepete mwa nyanja

Bandi ikamafa siyambira kwa oimba. Imayambira pa cornet imodzi yomwe valavu yake yakanirira, kenako trombone yomwe wina anaikhalira mu minibasi, ndipo pakatha zaka ziwiri zida zonse zili m'kabati ya tchalitchi kapena ya sukulu, mavu atamatamo dothi. Ku Nkhotakota ndi ku Salima zowononga zida n'zodziwika: mchenga, kutentha, chinyezi cha m'dzinja ndi mwera.

Maimbidwe amenewa anafika kuno ndi asilikali komanso amishoni. Asilikali a King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902, anali ndi malo awo ku Zomba, ndipo amuna omwe anabwerako kunkhondo ya 1914 mpaka 1918 anabwera ndi kuguba, yunifolomu ndi maudindo a pa perete. Gule wa malipenga, mganda ndi beni anatengera pomwepo, mabadza a zikho nalowa m'malo mwa mkuwa. Choncho anthu akunyanja sachita kuphunzitsidwa kumvera bandi. Ikasokoneza sitepe amadziwa.

Yambani ndi kuyeza zida zomwe muli nazo

Zida zambiri za mabandi athu ndi zopatsidwa, zina zakale kuposa oziimba. Musanagawire ana, tengani foni yokhala ndi tuner (pulogalamu yoyezera kukwera kwa mawu), muyiike pa 440, ndipo munthu mmodzi wodziwa aimbe B flat pa chida chilichonse. Mabandi a ku Britain ankagwiritsa ntchito zida zokwera mawu mpaka zaka za m'ma 1960, ndipo zina mwa izo zinathera m'makontena obwera ku Africa. Chida chotere chimakhalabe pamwamba ngakhale mutasolola slide (kampope kochunira mawu) mpaka kutsala pang'ono kugwa. Mwana amakalipiridwa chaka chonse kuti alibe khutu pomwe vuto ndi lipenga. Chida chimenecho chisiyeni chikhale chophunzirira kunyumba. Onaninso zolembedwa pakamwa pake potulukira mawu: kampani ya Boosey & Hawkes inapangidwa mu 1930, ndiye cholembedwa Boosey & Co ndi chakale kuposa pamenepo. Lembani dzina ndi nambala ya chida chilichonse m'buku.

Bandi yathunthu ya ku Britain imakhala ndi oimba mkuwa 25, ndi a ng'oma pamwamba pake. Inu 14 kapena 15 akwana: ma cornet kapena ma trumpet 5, ma horn 2, ma trombone 2, euphonium 1 kapena 2, tuba imodzi, ng'oma yaikulu, yaing'ono ndi zimbale. Aliyense amafuna trumpet. Kanizani ena. Bandi ya ma trumpet 10 yopanda tuba imangolira ngati ana a mbuzi, ndipo pabwalo mawu apansi ndiwo amayamba kusowa.

Mavalavu, mafuta ndi kutsuka

Mavalavu ndi atatu ndipo lililonse lili ndi nambala yake, 1 kukhala la kufupi ndi pakamwa pa woimba. Tulutsani limodzi, pukutani ndi nsalu yosasiya ubweya, dontheza madontho 2 kapena 3 a mafuta a mavalavu, bwezerani n'kulitembenuza pang'onopang'ono mpaka limveke kuti thee, lakhala m'malo. Mukauzira mpweya n'kukana kudutsa, valavu yalowa chozondoka kapena mwasinthanitsa 1 ndi 3. Palibe chathyoka. Mafuta ophikira musayerekeze. Tsiku loyamba amaterera bwino, pakatha sabata asanduka ulimbo wogwira mchenga. Oyilo wa galimoto ndi wolemera kwambiri. Botolo limodzi la mafuta enieni likhale ndi wosunga zida, osati m'thumba la aliyense. Pa ma slide ochunira mawu, kamafuta ka Vaseline kamathandiza girizi weniweni akasowa, koma kasafike pamavalavu.

Valavu yachiwiri ikamakanirira ngakhale ili yoyera, funsani mmene mwini wake amagonekera lipenga. Kaslide kakang'ono ka valavu imeneyi kamatulukira kudzanja lamanja, ndipo lipenga likagonekedwa mbali imeneyo kapena kusanjikizidwa mabuku m'bokosi, kamakankha khoma la valavu n'kulipinda pang'ono. Izi pamudzi sizikonzeka.

Pa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse tsukani chida chonse. Yalani thaulo m'beseni lalikulu, thirani madzi ofunda okha, pakuti otentha amasenda vanishi, ndi sopo wamadzi wotsukira mbale pang'ono. Chotsani mavalavu ndi kuwaika padera kuti tinsalu tokhuthala ta pamwamba pake tisanyowe. Viikani mphindi 20 mpaka 30, pititsani burashi yaitali m'mipope, tsukuluzani, umitsani pamthunzi. Madzi otunga m'mphepete mwa nyanja amakhala ndi mchenga wosaoneka, ndiye ayambe asefedwa. Phulusa, mchenga ndi sitiliwulo n'za mapoto.

Madontho ofiirira pa mpope woyamba, womwe mouthpiece (kachitsulo koikapo milomo) imalowamo, ndi chizindikiro choti mkuwa ukudyeka kuchokera m'kati. Zimachitika msanga oimba akamamwa thobwa, tiyi wa shuga kapena zakumwa za m'mabotolo n'kuuzira pomwepo. Lamulo likhale loti aliyense achukuche m'kamwa ndi madzi asanagwire chida, ndipo akamaliza atsegule kiyi yotulutsira madzi n'kuuzira mpaka mwauma. Kiyi imeneyi ikamatayitsa mpweya mawu amamveka ngati a munthu wachimfine. Kachidutswa ka patapata kodulidwa mozungulira kamatseka bwino podikira cork yatsopano, ndipo sipuling'i ikaduka mangani ndi kamphira.

Mouthpiece imakanirira chifukwa cha chizolowezi choimenya ndi chikhatho kuti ilire. Ikakanirira, pulayazi ayi: imapotokola mpope wonse n'kumatula zogwiriziza. Ikulungeni m'nsalu ya madzi ozizira kwambiri, gogodani pang'onopang'ono ndi kamtengo kuzungulira polowera, yesani ndi dzanja. Ikakanabe dikirani munthu wokhala ndi chokokera chake.

Trombone ndiye khanda la bandi. Slide yake ndi yopyapyala moti kugunda pang'ono pa benchi kumasiya bampu, ndipo kamchenga kamodzi kamakanda utali wonse. Isagonekedwe pansi ku Senga Bay kapena pagombe lililonse, ndipo loko wa slide akhale wotseka nthawi yonse yomwe sikuimbidwa.

Tsiku loimba pabwalo

Sabata ziwiri tsikulo lisanafike kaonaneni ndi amfumu a deralo, khonsolo ndi apolisi. Ngati mukulipiritsa pakhomo kapena kuimba nyimbo za eni ake, funsani a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, za chiphaso. Lachisanu masana ndi Lamulungu m'mawa anthu ali kumapemphero, ndiye Loweruka masana ndi lomwe limakomera ambiri. Ku Nkhotakota, bwalo likakhala pafupi ndi mzikiti, konzani kuti nthawi yopuma igwere pa kuitanira Swala ya chakumadzulo. Mukagwa maliro m'mudzimo, sunthani tsiku popanda kukambirana.

Miyezi yopanda mvula ndi yomwenso mwera umawomba, makamaka Juni ndi Julayi. Umachokera chakummwera, choncho bandi iufulatire kuti mphepo itengere mawu kwa anthu. Mukayang'anizana nawo, a kumbuyo amangomva ng'oma. Khoma la sukulu kapena la holo kumsana kwa oimba limatchinga mphepo komanso limabweza mawu a tuba. Koma pali msampha: m'miyezi imeneyi dzuwa limayenda chakumpoto, ndiye bandi yofulatira mwera imayang'ana dzuwa, ndipo mthunzi wa khomalo umagwera mbali inayo. Sakani malo omwe pali mtengo wa mango kapena bwerekani tenti. Papepala lililonse la nyimbo pakhale mapegi 4, ndipo sitandi iliyonse ipsinjidwe ndi njerwa.

Kutentha kumakweza mawu a zida zouzira. Mu Okutobala ndi Novembala ku Salima slide imafunika kusololedwa kuposa mmene inaliri poyeserera m'chipinda. Chida chomwe chagona padzuwa chimakwera kuposa chinzake cha pamthunzi, ndipo tuba imachedwa kufunda kuposa cornet. Ndiye zida zonse zikhale pamthunzi umodzi, oimba auzire mphindi 10, kenako muchune pamalo pomwepo poimbirapo. Chunaninso mukapuma. Ng'oma yachikopa imalefuka kukachita chinyezi ndipo imafuna kuwambidwa pang'ono, pomwe yapulasitiki mumamanga zomangira moyang'anizana, theka la kuzungulira pa chilichonse, kuti isapendeke.

Yambani 3 koloko, pakuti m'nyengo yozizira mdima umagwa isanakwane 6. Nyimbo zikhale za ola limodzi kapena ola ndi mphindi 15, m'zigawo ziwiri. Milomo ya oimba cornet imatopa pakatha mphindi 25 kapena 30 zoimba mokweza, ndiye nyimbo zoguba ziwiri zisatsatizane ndi yachitatu: ikani yapang'onopang'ono yomwe euphonium akutsogolera. Pakati perekani bwalo kwa gulu la mganda kapena la malipenga. Oimba amapuma, ndipo gululo limabwera ndi anthu ake. Zingwe zotchingira ana zikhale masitepe 4 kapena 5 kuchokera pa ma trombone.

Buku la bandi

Mabandi ambiri sadziwa chaka chomwe anayamba chifukwa zonse zinali m'mutu mwa mkulu mmodzi. Gulani buku lachikuto cholimba. Mukaimba paliponse lembani tsiku, malo, nyimbo motsatana, oimba ndi chida cha aliyense, komanso chomwe chawonongeka. Pofunsa akuluakulu za kale, musawafunse chaka. Afunseni kuti mfumu inali ndani, kunali njala iti, ndalama inali ya mapaundi kapena makwacha. Kwacha inayamba mu 1971, ndipo zoterezi zimakupatsani poyambira. Funsani aliyense payekha, chifukwa pagulu onse amangovomera wamkulu. Jambulani mawu awo pafoni atavomereza, ndipo kuseri kwa chithunzi chakale lembani maina ndi pensulo, osati bolopeni, yomwe imadinda mpaka kutsogolo.

Chiswe ndi chinyezi zimadya pepala msanga kunyanja. Bukulo ndi mapepala a nyimbo zikhale m'bokosi lachitsulo, pa shelefu yosagunda khoma. Tsamba lililonse likadzaza lijambulidwe, zithunzizo zikhale m'mafoni a anthu awiri osakhala nyumba imodzi, ndipo zikachuluka kafunseni ku National Archives ku Zomba mmene angasungire kope lina.